Gulu la Mbumba ya Nachisale: Za Amayi

Lachiwiri

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Adokotala adutsa cha m'ma 9. Zotsatira za sikani zatuluka, akuti ndi sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha, kumanzere kwa mutu. Magazi sanatayikire mu ubongo ayi. Mawu sakutulukabe, chilichonse ukawafunsa akungoti "iyayi, iyayi".

Amalume: Kumanzere bwanji pomwe dzanja lafa ndi lamanja? Ine ndinawanyamula ndekha Loweruka. Akaonenso bwino chithunzicho ku Gulupuko.

Tadala: Malume sanalakwitse. Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mitsempha yonyamula uthenga kupita ku ziwalo imapingasana m'munsi mwa chigaza, pamene ubongo umalumikizana ndi msana. Ndiye mbali ya kumanzere imayendetsa dzanja ndi mwendo wamanja, ya kumanja imayendetsa zamanzere. Dzanja la amayi lilibe vuto lililonse, mnofu ndi mafupa zili bwinobwino. Chasowa ndi uthenga wochokera kumutu.

Madalitso Joni: Ine yanga ndinatumiza Lamulungu pa Mukuru, K150,000. Mndandanda wa omwe apereka uli kuti?

Chisomo: Ndalandira achimwene, ndinakuuzani kale. Mndandanda madzulo, pano ndili mu wodi.

Mayi aang'ono: Mulungu ndi wamkulu ana anga. Ife kuno tikugwada.

Amalume: Munthu wadzuka bwinobwino, wasesa pabwalo, kenako wangoti khu pansi pakamwa patapotoka. Kwathu kuno timadziwa dzina lake. Iyi ndi hamala. Sindikutchula munthu koma malire a munda uja tonse tikuwadziwa.

Yamikani: Ababa, hamala yake yaoneka pa sikani, ndi kachibuluma ka magazi oundana. Magazi amakwera kumutu kudzera m'mitsempha inayi ikuluikulu. Iwiri ili kutsogolo kwa khosi, ija mumaimva ikugunda mukaika chala pambali pa kholingo, iwiri imadutsa m'mafupa a khosi kumbuyo. Wakutsogolo ukalowa m'chigaza umagawika, ndipo nthambi yake yapakati ndi imene imatsekeka kawirikawiri. Nthambi imeneyi imadyetsa dera loyendetsa nkhope, dzanja ndi mawu. Dera la mwendo lili pamwamba cha paliwombo, limamwa kunthambi ina. Nchifukwa chake azakhali mwendo akuukoka pang'ono koma dzanja lili lende. Chisomo, ndanama?

Chisomo: Zoona, mwendo akuupinda okha. Dzanja ndiye ziii.

Tadala: Ndipo BP anafika nayo ili 190/110. Mankhwala a BP anatha mu Epulo, kabuku kakusonyeza. Sindikuloza chala munthu, ndikungonena zomwe zalembedwa.

Mayi a Pempho: Ife amatiuza kuti akumva bwino, mapilitsi akuwachititsa chizungulire. Munthu wamkulu sungamukakamize.

Tadala: BP siipweteka alamu, nchifukwa chake anthu amasiya mankhwala. Imangoumitsa ndi kukanda makoma a mitsempha zaka ndi zaka mpaka tsiku lina potsekeka. Komanso ndamva kuti sabata yathayo anagwetsa kapu, pakamwa panapotoka, patapita mphindi khumi nkubwerera. Limenelo linali chenjezo. Mtsempha unatseka nkutsegukanso wokha. Zikachitika choncho kwa wina aliyense m'banja muno, ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale munthuyo akuseka.

Mayi a Pempho: Ok

Mphatso: Ndiye palibe jekeseni wosungunula magaziwo asisi?

Tadala: Alipo mankhwala ake koma amagwira akaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chigwereni, atajambulidwa kaye. Nthawi imeneyo inatha tikufunafuna galimoto. Ubongo umalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka basi, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wonse womwe thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ulibe nkhokwe. Magazi akaleka kufika, maselo a pakatikati amafa m'mphindi zochepa. Ozungulira pamenepo amakhala ngati akomoka, akulandira magazi pang'onopang'ono kuchokera kumitsempha yoyandikana nayo. Ntchito ya masiku ano ndi kuteteza amenewo: shuga asakwere kapena kutsika, thupi lisatenthe, madzi m'thupi asachepe. BP nayo saitsitsa mwamphamvu masiku oyambawa, musadabwe, amafuna magazi azikankhika kufika kumeneko.

Madalitso Joni: Zonsezi tamva. Koma ndani wapereka? Tinagwirizana K100,000 aliyense.

Tadala: Chisomo mvetsera ichi. Lero ndi tsiku lachinayi. Malo ovulala amatupa kwambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, ndipo chigaza sichitanuka, chotupacho chimapanikiza ubongo wabwino. Ukaona akuvuta kudzutsa, akusanza, kapena kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, itana anesi pompo, usadikire adokotala a m'mawa. Usiku uziwadzutsa ndi dzina nthawi yomwe ukuwatembenuza, uone ngati akutsegula maso.

Chisomo: Chabwino. Koma tulo ndilibe kuyambira Loweruka, wina abwere tisinthane.

Mphatso: Ine Lachinayi ndikamaliza mayeso.

Chisomo: Achimwene Gift?

Madalitso Joni: Akuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka.

Lachitatu

Mayi aang'ono: Tafika bwino ndi amayi a Mvano asanu. Ndawabweretsera thobwa lawo lija amalikonda, amwa pang'ono koma akutsokomola.

Tadala: Mayi aang'ono chonde lekani kaye!! Chisomo landa kapuyo

Mayi aang'ono: Aaa ndalakwanso? Munthu milomo yauma gwa.

Tadala: Simunadziwe mayi, koma ichi ndi chomwe chimapha anthu ambiri a sitiroko, chibayo. Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya. Tikameza, kachivindikiro kamatseka njira ya mpweya mwachangu, ndipo ndi ubongo umalamula zimenezo. Kwa amayi lamulolo likuchedwa. Zamadzimadzi monga madzi, tiyi ndi thobwa zimathamanga kuposa kachivindikiroko, zimagwera m'mapapo. Nthawi zina munthu satsokomola nkomwe, umangomva mawu ngati ali ndi madzi pakhosi, mawa lake thupi latentha.

Chisomo: Anesi anawayesa dzulo ndi kasipuni, anati phala lolimbirako lokha, madzi akulowa pa diripi. Ndinatuluka kukagula sopo basi.

Tadala: Aliyense wodyetsa achite izi. Akhale tsonga, msana woongoka, osati chogona ndi pilo. Akhale ali maso ndithu, ngati akusinza dikirani. Kasipuni ka tiyi, theka, kulowetsa mbali ya kumanzere komwe kuli mphamvu. Chibwano chiwerame pang'ono, asayang'ane kudenga. Yang'anani pakholingo, pakakwera nkutsika ndiye ameza, kenako sipuni ina. Mukamaliza onani m'tsaya lamanja, chakudya chimabisala mmenemo iwo osamva. Akhalebe tsonga mphindi 30. M'kamwa muzitsuka kawiri patsiku ndi mswachi wofewa, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndi tomwe timatsikira m'mapapo. Akatsamwa kawiri katatu siyani, uzani anesi. Akanena zoika chubu cha m'mphuno musakane, ambiri amachichotsa kumeza kukabwerera.

Yamikani: Phala la mgaiwa la nsinjiro losefa bwino, nthochi yokanya, peyala, chambiko, dzungu lophwanya. Mpunga, mtedza, chimanga chokazinga ndi nsomba za minga ayi. Sitiro wakumwera nayenso ayi.

Mayi aang'ono: Ndamva ana anga. Koma tamverani zodabwitsa. Tayamba nyimbo, achemwali ayimba nafe ndime yonse! Mawu onse bwinobwino! Tatha kuyimba ndawafunsa mwadzuka bwanji, akuti iyayi.

Amalume: Mwaona? Munthu woyimba ndi munthu woyankhula. Pali chomwe chawamanga lilime. Kapena pali amene sakufuna kuyankhula naye.

Mayi a Pempho: Malume mukutanthauza ndani?

Tadala: Palibe chawamanga malume, ndipo sakunyanyala. Mawu ali ndi malo awiri akuluakulu mu ubongo, onse kumanzere kwa anthu ambiri. Amodzi ali kutsogolo, cha pamwamba pa litsipa, ntchito yake kulumikiza mawu kuti atuluke. Ena ali cha kumbuyo pamwamba pa khutu, ntchito yake kumvetsa zomwe wamva. Kwa amayi kwawonongeka kwambiri akutsogolowo. Dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anawafotokoza malo amenewa mu 1861 atasamalira bambo wina yemwe ankangotha kunena "tan" pa funso lililonse koma akumva zonse. "Iyayi" wa amayi ndi yemweyo. Nyimbo yoloweza kalekale imatuluka ndi thandizo la mbali ya kumanja yomwe ili bwino. Pemphero loloweza, kuwerenga 1 mpaka 10, masiku a sabata, nazonso zimatha kutuluka.

Chisomo: Ndiye ndinene izinso poti zafika apa. Usiku ndikuwasintha anatukwana. Amayi! Mawu oti sindingalembe pano.

Mphatso: 😂😂 amayi a Mvano

Tadala: Nazonso nzodziwika, mawu a mkwiyo ndi odzidzimuka ali ndi njira yawo. Musawadzudzule. Chachikulu nchakuti amayi akumva. Nzeru zawo zilipo, akudziwa aliyense. Ndiye nkhani za ndalama, za munda, za "achira koma amenewa?" musakambire pambali pa bedi.

Yamikani: Polankhula nawo, munthu mmodzi pa nthawi, wailesi yozimitsa, ziganizo zifupizifupi. Osakuwa, makutu ali bwino. Osawayankhula ngati khanda. Funso likhale limodzi, muwapatse nthawi, muwerenge chamumtima mpaka khumi musanabwereze. Poti iyayi wawo akutanthauza zonse, asonyezeni zinthu ziwiri aloze ndi dzanja lamanzere, kapu kapena bulangete. Nyimbo pitirizani mayi aang'ono, tsiku lililonse, kenako muziyimba timawu ta tsiku ndi tsiku ngati "ndikufuna madzi" pa kamvekedwe ka nyimbo. Ndi njira yomwe ophunzitsa kulankhula amagwiritsa ntchito.

Madalitso Joni: Madzulo a dzulo anadutsa. Mndandanda.

Chisomo: Madalitso 150,000. Tadala 300,000. Yamikani 60,000. Mayi aang'ono 20,000 ndi ufa. Ine 100,000. Malume nkhuku ziwiri. Mphatso ndi wasukulu. Zatuluka: galimoto ya Loweruka 70,000, mapampasi, sopo, mabeseni, chakudya cha gadiyani 64,500. Malisiti ndili nawo.

Madalitso Joni: Dzina lina sindikuliona.

Mayi a Pempho: Bambo a Pempho ali kumunda kwa bwana ku Kasungu, netiweki ikuvuta. Mwezi ukatha aona.

Madalitso Joni: Pa malata paja mwezi unathanso.

Mayi aang'ono: Madalitso mwana wanga, si nthawi yake.

Amalume: Poti mwatchula munda, feteleza wa achemwali titani? Mvula ili pafupi, mizere sanamalize. Matumba awiri a chimanga ali m'nyumba ayamba anankafumbwe.

Mphatso: Mbuzi ija yaswa malume?

Amalume: Awiri, tonde ndi msoti.

Mayi a Pempho: Nanga chinkhoswe cha Thoko chilipobe pa 30? Nsalu ndinagula kale ine.

Mayi aang'ono: Akuchimuna akuti tisasinthe, holo analipira.

Madalitso Joni: Ya nsalu ilipo.

Chisomo: Abale, ndikufunsa za amayi. Nsima ya odwala ayi, koma phala ndikawaikira mbale patsogolo akungoyang'ana theka la kumanzere. Ndikaima kumanja kwa bedi sakundiona mpaka ndiyankhule. Maso awonongekanso?

Tadala: Maso ali bwino. Chomwe diso laona chimakafika kunkhongo, ndiko kuli dera loona, ndipo njira yake imadutsa mkati mwa ubongo pafupi ndi pomwe pavulala. Mbali ya kumanzere imalandira zonse za kumanja kwa munthu, kuchokera m'maso onse awiri. Ndiye theka la kumanja lazimiririka, ngati nsalu yatchinga theka la windo. Magalasi sangathandize. Uwauze adokotala mawa ayese. Podyetsa ika mbale cha kumanzere, koma nthawi zina uziwakumbutsa kutembenuza mutu kuti asake za kumanja. Akadzayamba kuyenda azidzagunda mafelemu a zitseko mbali imeneyo, tidzachotse mipando m'njira.

Lachinayi

Amalume: Ndayankhula ndi munthu wina wa ku Mulanje, akuti mbuzi imodzi ndi K40,000, atemera mphini dzanjalo lidzuka sabata imodzi. Akangotuluka tibwere nawo kuno.

Tadala: Malume, amayi ayamba aspirin, magazi awo sagwirana msanga, mphini zikhoza kukha magazi osaleka. Dzanja lomwe silikumva likachita bala limachedwa kupola. Ndipo zakumwa zosadziwika pa munthu wotsamwa ndi madzi omwe, ayi ndithu. Mbuziyo ngati ikugulitsidwa igule makina a BP.

Yamikani: Ababa ndikupempheni, miyezi itatu yokha mutipatse. Maselo omwe afa sabwerera, zimenezo tisanamizane. Koma ubongo umatha kulambula njira zatsopano, madera oyandikana ndi povulalapo amaphunzira ntchito ya anzawo. Zimenezi zimachitika mwachangu m'miyezi itatu yoyamba, zimapitirira pang'onopang'ono mpaka isanu ndi umodzi ndi kupitirira. Njirayo imalambulidwa ndi kubwerezabwereza, kambirimbiri patsiku. Akakhala pamphasa kumudzi mpaka Khirisimasi, nthawi yabwinoyo yapita, mfundo zauma. Mwendo ndili ndi chiyembekezo, dzanja limachedwa ndipo zala ndi zomalizira. Tikaona chala chikugwedezeka kapena phewa likukwezeka m'masabata oyambawa, ndi chizindikiro chabwino.

Amalume: Mwana wobala ndekha akundiphunzitsa. Chabwino. Koma mwini mbumba ndine, zikakanika musadzati sindinanene.

Mayi aang'ono: Achimwene, asiyeni ana ayese.

Chisomo: Akuti mwina atitulutsa Lolemba ngati thupi silitentha. Funso ndi lakuti akupita kuti. Kwanga ku Chilomoni chipinda chilipo koma ine 7 koloko ndili kuntchito.

Mayi a Pempho: Kwathu masitepe

Madalitso Joni: Masitepe atatu.

Yamikani: Akhale kwa Chisomo, kufupi ndi mafizo. Musanatuluke mufunse a mafizo a pa Queens masiku obwerera, mufunsenso ngati angawalembere kalata ya ku Kachere, chipatala cha mafizo chija. Ine Loweruka lililonse nditsika kuchokera ku Zomba. Koma ntchito yeniyeni ndi ya pakhomo, ndiye wosamalira aphunzire izi. Kutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku, kumanzere, chagada, kumanja. Nthawi iliyonse kuyang'ana pafupa la m'munsi mwa msana, m'chiuno, zidendene, akakolo ndi phewa. Pakafiira kapena kuda kuposa khungu lozungulira, kapena pakatentha ndi kulimba, pamenepo asagonerepo mpaka pabwerere, ndipo osapatikita. Bala la pabedi limayamba tsiku limodzi, kupola miyezi. Nsalu yoyala ikhale youma, yopanda makwinya kapena nyenyeswa.

Mphatso: Ndikulemba m'kope asuweni, pitirizani

Yamikani: Phewa. Ili ndiye ndikufuna aliyense amve, ngakhale obwera kudzazonda. Fupa la mkono limakhala m'kambale kosaya, chomwe chimaligwira ndi minofu. Minofuyo panopa yagona, ndiye mukakoka dzanja lamanja powadzutsa, fupa limatsika, ululu wake umatha miyezi ndipo munthu amakana mafizo. Osakoka dzanja, osanyamulira m'khwapa. Powadzutsa atembenukire chammbali kaye, miyendo itsike pabedi, dzanja lanu limodzi kuseri kwa phewa pafupa lapamsana, lina m'chiuno. Akakhala pampando mkono ugone pa pilo kapena patebulo, usalendewere. Akagona chammbali, pilo pakati pa mawondo, mkono wodwala utambasukire kutsogolo. Povala malaya yambani ndi dzanja lodwala, povula malizani nalo.

Mayi aang'ono: Ndimati ndiwagulire kampira kofinya kaja.

Yamikani: Ayi mayi. Pakapita masabata angapo dzanja lofookali limayamba kuuma, chigongono kupindika, zala kufumbata, chifukwa ubongo wasiya kuletsa minofu yopinda. Kampira kamalimbikitsa kufumbata komweko. Tikufuna kutambasula. Chikhatho chizigona chotambasuka pa pilo. Mfundo iliyonse, zala, mkono, chigongono, bondo, kakolo, kuipinda ndi kuiongola pang'onopang'ono kakhumi, katatu patsiku. Phewa musalikweze kupitirira msinkhu wa phewalo mpaka nditakuonetsani kagwiridwe. Pakapweteka imani. Phazi lizikhala loimirira, mutsamiritse pilo kuphazi, likagwa chogwa adzavutika kuponda. Ndipo iwo azigwira dzanja lodwala ndi labwinolo nkumalikweza okha.

Tadala: Onjezera za moto.

Yamikani: Eya. Mbali yamanja sakumva bwino kutentha. Botolo la madzi otentha ayi, kuthowa ndi madzi owira ayi, mbaula patali. Madzi osamba muyese ndi chigongono chanu.

Madalitso Joni: Ndiye zonsezi ndi ndalama zingati pamwezi? Tinene manambala. Ine randi sikuti ndimatola pansi.

Chisomo: Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wavomera kusamala masana, 90,000. Mapampasi ndi magolovesi ndikuyerekeza 80,000. Takisi ya ku mafizo kawiri pasabata 100,000, minibasi sangakwere. Chakudya chapadera 50,000. Zogula kamodzi: makina a BP, matiresi wochindikala, pulasitiki woyala, mapilo anayi, mpando wa chimbudzi. Njinga ya olumala Yamikani akuti abwereka.

Tadala: Makina a BP ndi matiresi ndigula ine, kuwonjezera pa 100,000 ya pamwezi. Akhale omanga pamkono, osati a pa dzanja ngati wotchi. Kuyeza m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, atakhala phee mphindi zisanu, pamkono wamanzere, kulemba m'kope ndi tsiku lake, kopelo lizipita nawo ku kiliniki. Pakapita masabata tikufuna izikhala pansi pa 140/90, adokotala akhoza kunena yotsikirapo. Mapilitsi a BP, aspirin ndi a mafuta a m'magazi ndi a moyo wonse, osati mpaka apeze bwino. Akatsala a sabata imodzi, Chisomo lemba pano. Phewa likapweteka panado, osati bufeni kapena indosidi, zimenezo pamodzi ndi aspirin zimakanda m'mimba mpaka magazi. Mchere wa tsiku lonse usapitirire kasipuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo. Soda wa mu therere nayenso ndi gulu lomwelo, usipa wamchere muziuviika kaye.

Mayi aang'ono: Achemwali opanda therere? Mudzalimbana nawo nokha 😄

Tadala: Chisomo ufunsenso ngati anawajambula mtima ndi kuyeza shuga. Mtima ukamagunda modumphadumpha magazi amaundana mkati mwake nkuthawira kumutu, ndipo zikakhala choncho mankhwala ake ndi ena, aspirin sakwanira.

Chisomo: Shuga anayeza ali bwino. Za mtima ndifunsa. China, akumangolira. Mphatso walowa alira, ndawapatsa phala alira. Mwina akumva kuwawa penapake?

Tadala: Afunse aloze ngati pali powawa. Koma nthawi zambiri ndi ubongo womwewo. Chigawo cha kumphumi ndi chomwe chimagwira mabuleki, chimatiletsa kulira kapena kuseka pagulu, chimakonza zochita ndi kuugwira mtima. Njira zake zikasokonekera misozi imangotuluka ngakhale pa kanthu kakang'ono, nkusiya yokha. Usachite mantha, khala nawo, sintha nkhani. Chosiyana ndi ichi: akayamba kukana chakudya, kukana mafizo, kuyang'ana kukhoma masiku ambiri. Kumeneko ndi kukhumudwa kwenikweni, kumagwira pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a sitiroko, ndipo kuli ndi mankhwala. Munthu woyendetsa msonkhano wa amayi lero akulephera kupempha madzi, tiyembekezere zimenezo.

Mphatso: Mwayi wake sizinagwire pena paja munanena asisi

Tadala: Tsinde la ubongo, eya. Pamene paja ndi pomwe pamayendetsa kupuma, kugunda kwa mtima ndi kukhala maso, malo ochepa ngati chala chachikulu. Kaubongo kakang'ono ka kunkhongo nakonso kali bwino, kaja kosunga munthu kuti asadzandire, ndiye poimirira katithandiza. Chomaliza, pomwe pavulala pamasiya chipsera, ndipo ena amadzagwa ngati akhunyu miyezi ikubwerayi. Zikachitika agonekeni chammbali, osaika sipuni kapena chala m'kamwa, yang'anani wotchi. Zikapitirira mphindi zisanu thamangani nawo, zikasiya zokha apitebe tsiku lomwelo. Chimodzimodzi nkhope ikapotokanso, kufooka kwatsopano, mutu woopsa, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kutentha.

Madalitso Joni: 320,000 pamwezi. Tikagawana ana anayi ogwira ntchito ndi 80,000 aliyense. ANAYI. Ine sindilipiranso gawo la munthu ngati pa maliro a bambo.

Yamikani: Ine ndiziika 30,000 ndi Loweruka langa.

Amalume: Mbuzi ndigulitsa Lachisanu pamsika. Theka feteleza, theka kwa Chisomo. Za ku Mulanje ndaimika, sindinathetse.

Mayi a Pempho: Ine Lachiwiri ndi Lachinayi nditha kumabwera masana kudzathandiza, Pempho akapita kusukulu.

Chisomo: Zikomo alamu, ndiye mubwere Loweruka 9 koloko Yamikani akamaphunzitsa. Mayi wosamalira uja abweranso. Mphatso usiku wa lero ndi wako, bwera ndi chitenje ndi tochi, ika alamu pa foni maola awiri alionse.

Mphatso: Alamu pa foni kapena alamu a Pempho 😂

Mayi aang'ono: Iwe mwana iwe

Gift: Ndaona zonse. Ndiyimba.

Madalitso Joni: Osayimba, nambala ya Airtel Money ya Chisomo ili pamwambapo.

Chisomo: Amayi akweza phewa lamanja pang'ono pomwe ndimawapukuta. Kawiri. Yamikani ndakutumizira kavidiyo uone ngati ndi zomwe umanena zija kapena ndi ine ndawagwedeza.

Yamikani: Ndi iwowo. Jambulanso mawa nthawi yomweyo, uwauze akweze okha usanawagwire. Pilo uja wasendera, mkono ukulendewera, ubweze.